Sproketi yakumbuyo yakana kuchoka

Wa_Rosettenville: Abale thandizeni, ndikusintha tcheni pa njinga yamoto yanga ya Boxer 150 koma manati a sproketi yakumbuyo achita dzimbiri, sipanala ikungoterereka ndipo mawa ndili ndi ma delivery ku Sandton

Kabaza_Jozi: Achimwene siyani sipanala mungawononge makona a manatiwo, pezani soketi ya makona 6. Thirani Q20, mafuta opopera omasula dzimbiri, madzulo ano igonere, mmawa bwezerani tayala pa njinga wina aponde buleki inu muzimasula ndi paipi yaitali

Malume_Booysens: Mwawongola kaye timalata tokhoma manati tija? Ambiri amaiwala kkkk. Akakanabe atenthetseni, koma chotsani marabala a mu habu angasungunuke. Sproketi sinthani zonse ziwiri, yakutsogolo ndi yakumbuyo, yakale imadya tcheni yatsopano msanga

Wa_Rosettenville: Eish malume, anali timalata tomweto. Amasuka onse