Timabokosi ta Skyliner ku Disney World tilibe AC: amayi anga akapirira mu Julaye?

Make_Tadala

Moni nonse. Ndabwera ndi nkhawa kwa inu amene munapondako ku Orlando.

Amayi anga anabwera kuno ku South Bend, ku Indiana ku America, mu Meyi kudzaona zidzukulu, ndipo akubwerera kumudzi kumayambiriro a Ogasiti. Ine ndi bambo a kunyumba tinagwirizana kuti asanapite tikawaonetseko Disney World ku Orlando, ku Florida, poti ana nawo ali pa holide. Tinapeza malo ku hotelo ya Pop Century, masiku anayi, sabata yachiwiri ya Julaye, ndalama tinalipira kale. Dzana ndi pamene mwana wanga wamkulu wandionetsa pa YouTube kuti kuchoka pa hoteloyo kupita ku mapaki a Disney a Epcot ndi Hollywood Studios anthu amakwera timabokosi tolendewera pachingwe, akuti Skyliner, ndipo mulibe AC, makina oziziritsa mpweya aja. Mutu unaima.

Amayi ali ndi zaka 71 ndipo amamwa mankhwala a BP m'mawa uliwonse. Nditawafotokozera anangoseka, amvekere, "Iwe, kutenthako kuposa kwa ku Nchalo?" Anakhalako zaka 12 nthawi imene malemu bambo ankagwira ntchito ku mizimbe, ndiye kwa iwo kulibenso dzuwa lina padziko loti lingawaopse. Komanso AC amadana nayo, m'nyumba muno amakhala chivalire juzi tsiku lonse. Koma ine ndikaona kabokosi ka magalasi okhaokha kali m'malere masana dzuwa likuswa mtengo, ndikungoona ng'anjo.

Ndiye ndithandizeni. Mumatentha bwanji m'menemo? Ulendo wake ndi wautali bwanji? Nanga kakaima m'mwamba anthu amatani? Mundiuze zoona, musandinyengerere.

Wa_ku_Kissimmee

Achemwali, mtima pansi. Ine ndimakhala chapafupi ndipo alendo onse obwera kwathu ndimawakweza Skyliner, poti kukwera kwake n'kwaulere, sikufuna tikiti ya paki. Ndakwera mu Januwale, ndakweranso mu Ogasiti.

Ganizani za minibasi. Ikakhala pa siteji ku Limbe mu Okutobala, kondakitala akudikira anthu awiri kuti idzaze, aliyense thukuta kamukamu. Ikangonyamuka, mawindo ali otsegula, pofika pa Chichiri mwaiwala kale. Skyliner ndi chimodzimodzi. Imayenda pa liwiro la makilomita pafupifupi 18 pa ola, ndipo kabokosi kalikonse kali ndi timawindo ta sefa chakumtunda ndi mipata ina chakumunsi. Kakangotuluka mu siteshoni mphepo imalowa mbali iyi n'kutulukira mbali inayo, yamphamvu ndithu, moti chipewa chopepuka umachigwira. Magalasi ake ndi obweza dzuwa, si ngati a galimoto imene yakhala pa dzuwa tsiku lonse. Sindikunamizani kuti mumazizira ayi. Kunja kukakhala madigiri 33, mphepo yolowayo ndi ya 33 yomweyo. Koma ikuyenda, ndipo muli pamthunzi, mwakhala pansi.

Za kutalika kwa ulendo: siteshoni yanu ili pa mlatho wa panyanja ya Hourglass Lake, pakati pa Pop Century ndi Art of Animation. Kuchoka apo kufika pa siteshoni ya Caribbean Beach ndi mphindi zisanu kapena kucheperapo. Pamenepo aliyense amatsika n'kusankha njira. Ya ku Hollywood Studios ndi mphindi zisanu kapena zisanu ndi imodzi. Ya ku Epcot ndiye yaitali, imapitirira pang'ono mphindi khumi, imadutsa pa siteshoni ya Riviera (simutsika) kenako n'kukhota isanafike pa chipata chakumbuyo cha Epcot chotchedwa International Gateway.

Kuima kumaima. Nthawi zambiri ndi mphindi imodzi, ziwiri, mwina zitatu, ndipo sipika imalankhula kuti dikirani pang'ono. Kakaima mphepo ija imatha nthawi yomweyo, ndipo mphindi ziwirizo umazimva. Ndi pokhapo pamene ndinganene kuti pamatentha.

Chimene chimatopetsa anthu kwambiri ndi mzere, osati kabokosi. M'mawa paki isanatsegule ndi usiku makombola akatha ku Epcot anthu amachuluka. Inu ndi amayi musalimbane ndi gululo, aloleni achinyamata athamange. Langizo lina laling'ono: timabokosi tina anatimata zithunzi za Mickey ndi anzake, tina ndi topanda kanthu. Tomatidwato mkati mumachita kamdima ndipo kunja umaona ngati ukusuzumira pa neti. Ngati mukufuna amayi aone bwino, pemphani kopanda zithunzi, antchito amalola, mumangodikira pang'ono.

Amisiri_Luton

Ndiwonjezere pa zimene anena achimwene pamwambapa, poti funso loti "bwanji kampani yolemera chonchi osangoikamo AC" ndimalimva kawirikawiri.

Chingwe chimene timabokosito timalendewerapo si waya wa magetsi. Ntchito yake ndi kukoka basi, ndipo injini zokokazo zili pansi. Kabokosi pakokha kamangokhala ndi mphamvu yochepa yokwanira timagetsi, sipika ndi batani loitanira thandizo. AC imadya magetsi ambiri. Kuti iyende m'kabokosi kalikonse pafunika mabatire olemera, owatchaja nthawi ndi nthawi, kuphatikiza makina akewo. Chulukitsani zimenezo ndi timabokosi pafupifupi 300, zonse zikulemera pa chingwe ndi pa mizati. Ndiye muonjezere kuti zitseko zimatseguka pa siteshoni iliyonse pakangotha mphindi zochepa, mpweya wozizira uja n'kuthawa. Ndiponso AC imafuna kabokosi kotsekeka bwinobwino, tsiku limene yafa muli m'mwamba ndi pamene mungaphikike zenizeni. Anapanga makinawa ndi a Doppelmayr, kampani ya ku Austria, omwewo amene anapanga ya kuno ku London yowoloka mtsinje wa Thames imene inatsegulidwa mu 2012. Si anthu ophunzira kumene ntchitoyi.

Koma mwati tisakunyengerereni, ndiye nayi inayo. Skyliner inatsegulidwa pa 29 Seputembala 2019. Patangotha masiku asanu ndi limodzi, usiku wa pa 5 Okutobala, timabokosi tingapo tinapanikizana pa siteshoni ya Riviera ndipo njira ya ku Epcot inaima. Anthu ena anakhala m'malere pafupifupi maola atatu, ena anachita kutsitsidwa ndi ozimitsa moto. Mwayi wake kunali usiku. Zikanachitika 2 koloko masana mu Julaye bwenzi tikukamba zina. Anaitseka masiku angapo, n'kuitsegulanso mwezi womwewo. Zoima maola ngati zimenezo si za masiku onse, koma zinachitikapo, ndipo munthu wopita ndi kholo la zaka 71 ayenera kuzidziwa.

Pansi pa benchi amasungapo kachikwama ka pangozi, muli timapaketi ta madzi akumwa ndi zina zing'onozing'ono. Ana asakatsegule mwachibwana. Ndipo musakadalire, nyamulani madzi anuanu.

Namwino_wa_usiku

Asisi, ine ndikutsutsana pang'ono ndi amayi pa nkhani ya Nchalo, mundipepesere kwa iwo.

Kutentha kwa ku Chigwa cha Shire mu Okutobala n'koopsadi, manambala ake amaposa a ku Orlando. Koma mvula isanayambe mpweya umakhala wouma, thukuta likatuluka limauma, ndipo kuuma kwakeko ndi kumene kumaziziritsa thupi. Ku Florida mu Julaye mpweya umakhala wodzadza kale ndi chinyezi. Thukuta limangoyenderera, malaya kumata pamsana, thupi osazizira. Ndi chitungu chija chimabwera mvula ikamalendewera, koma cha tsiku lonse, usiku womwe. Chachiwiri, amene anapirira Nchalo anali mayi wa zaka za m'ma 30 kapena 40. Thupi la zaka 71 silimva ludzu msanga ndipo silitaya kutentha ngati kale. Chachitatu, akhala miyezi iwiri m'nyumba ya AC ku Indiana, juzi kapena ayi, thupi lazolowera zimenezo.

Yang'anani paketi ya mankhwala awo. Ngati pali aja okodzetsa, monga hydrochlorothiazide amene ambiri kwathu amapatsidwa, dziwani kuti amachotsa madzi m'thupi, ndiye pa dzuwa munthu amafooka msanga. Musawasiyitse mankhwala panokha, funsani dokotala kapena a ku famase musananyamuke.

Ine zinandionekera ndekha chaka china, pa paki ina imene sinditchula. Ndinachoka ku ntchito ya usiku, osagona, n'kumwa khofi yekha, ati ndisangalatse ana. Cha m'ma 1 koloko tili pamzere ndinangomva makutu kulira, maso kuchita mdima, miyendo ngati si yanga. Ndinakhala pansi pomwepo pa simenti, namwino wathunthu, mwana wanga wa zaka 9 akundikupiza ndi mapu. Sikanali kabokosi kamene kanandigwetsa, anali maola anayi oyenda pa simenti yotentha.

Ndiye ndinganene izi. Amwe madzi pafupipafupi osadikira ludzu. Ku malo ogulitsa zakudya zachangu m'mapaki a Disney kapu ya madzi a ayezi amapereka ulere mukapempha, ndipo botolo lanu amalola kulowa nalo. Gulani kafani ka batire. Avale zopepuka za thonje, chitenje chili bwino kuposa diresi ya nayiloni ya kutchalitchi. Masana kuyambira 12 mpaka 4 koloko bwererani nawo ku hotelo akagone. Akayamba chizungulire, mutu, nseru, kapena kuyankha zosagwirizana, musadikire, paki iliyonse ili ndi malo a First Aid. Ndipo ngati miyendo imawavuta, abwerekereni njinga ya olumala ngakhale akane. Pa siteshoni pali mbali ina imene kabokosi amakapatutsa n'kukaimitsiratu kuti okwera ndi njinga alowe mosathamanga.

Wa_ku_Kissimmee

Ndinaiwala chinthu chimodzi. Mu Julaye chimene chingakusokonezeni kwambiri ndi mvula ya masana. Kuno nthawi imeneyo pafupifupi tsiku lililonse chakumadzulo kumachita mabingu, ndipo ziphaliwali zikayandikira Skyliner amaitseka, anthu n'kuwakweza mabasi. Ndiye mukaona mitambo yakuda ikusonkhana cha m'ma 2 kapena 3 koloko, nyamukani msanga kapena khalani pomwepo mpaka ipite. Dziwaninso kuti ku mapaki enawo, Magic Kingdom ndi Animal Kingdom, chingwechi sichifikako, kumeneko ndi basi basi.

Make_Tadala

Tabwerako dzulo usiku, ndiye ndati ndisakhale ngati aja amafunsa njira n'kusowa.

Mankhwala aja analidi okodzetsa, asisi anamwino munalasa. Njinga anakana kwamtuwagalu tsiku loyamba, ati anthu aziti ndadwala. Tsiku lachiwiri anakweramo okha osauzidwa.

Ulendo woyamba tinakwera cha m'ma 9 m'mawa. Ine nkhawa yanga yonse inali pa kutentha, osadziwa kuti vuto likhala lina. Kabokosi kakamatuluka mu siteshoni kamathamanga mwadzidzidzi n'kukwera m'mwamba, ndiye pansi pake pali madzi. Amayi anagwira benchi ndi manja onse awiri, maso tseke, n'kuyamba "Yehova ndiye m'busa wanga" mokweza. Tinali ndi banja lina la azungu m'menemo, bambo wake anangovula chipewa. Tisanafike n'komwe ku Caribbean Beach anatsegula diso limodzi, kenako linalo, n'kuyamba kufunsa kuti nanga udzu wonsewu amatchetcha ndani. Mphepo inali yokoma, mpango wawo unkachita kupepeluka, mdzukulu wawo n'kumaugwirira kumbuyo.

Kutentha tinakumva kamodzi. Tsiku lachitatu tinachedwa kutuluka ku Epcot, tinakwera 2 koloko itadutsa, anthu asanu ndi atatu m'kabokosi kamodzi. Chapakati kanaima, sipika n'kunena kuti tidikire pang'ono. Ndinayang'ana wotchi, zinali mphindi zitatu zokha, koma mpweya unangoti zii ngati wina watseka chitseko. Thukuta linayamba kutsika m'khosi, mwana wamng'ono n'kuyamba kunyinyirika. Ndinayatsa kafani kaja n'kuwalozetsa amayi, iwo n'kukatembenuzira kwa mwanayo, okha akudzikupiza ndi nsonga ya chitenje. Ndinawafunsa kuti, "Nanga pano ndi ku Nchalo?" Anakhala kaye chete, kenako amvekere, "Kumeneku n'kwina. Kuja kumawotcha, kuno kukuphika." Kabokosi katangogwedezeka n'kuyambanso kuyenda, aliyense anapumira m'mwamba, azungu omwe.

Tsiku lomaliza mabingu anatipeza ku Hollywood Studios, chingwe chitatsekedwa monga munanenera achimwene. Tinakwera basi, AC ili pamwamba, ife tanyowa ndi mvula. Ana anasangalala. Amayi anakhala mphindi imodzi yokha, n'kundikodola: "Juzi yanga ija uli nayo m'chikwamamo? Koma timabokosi tija atsegula nthawi yanji?"