Ndithandizeni, khofi wopanda shuga akundikanika

Abale anga, ndili ku Nchalo kuno, nzimbe paliponse, koma adokotala andiuza kuti shuga wanga wakwera, ndisiye zotsekemera. M'mawa uliwonse ndinazolowera khofi wothira masipuni atatu a shuga ndi mkaka wa ufa, mbatata yophika pambali. Patha sabata ziwiri ndikumwa wosathira kanthu, koma kuwawa kwake kukundigwira pakhosi, ndimasiyira kapu pakati. Ndimagula wa m'botolo uja wosungunula m'madzi otentha. Mnzanga akuti wa Mzuzu wogaya sawawa kwambiri ukamusefa bwino, kodi ndi zoona? Nanga ndi kutentha kwa kuno kuchigwa, ndikamusiya azizire kaye kuwawako kumachepa? Inu amene munasiya shuga, pakamwa panazolowera patatha masiku angati?