Ndagula kamera yoyamba, koma zithunzi za m'nyumba zikuposedwa ndi za pafoni

Wofunsa:
Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Ndakhala ndikujambula ndi foni, tsopano ndagula kamera ya mirrorless (yopanda kagalasi kam'kati) ya sensa (kachipangizo kolandira kuwala) yocheperako, yotchedwa APS-C. Lenzi ndi yomwe inabwera nayo, ya 18-55mm f/3.5-5.6. Panja masana zonse zili bwino, koma m'nyumba zithunzi zikutuluka mbuu, makamaka za ana. Mitundu nayo ikuoneka yofwifwa. Vuto ndi kamerayi, kapena pali pomwe ndikuphonya?

Yankho loyamba:
Kamerayo ilibe mlandu, akulu. Foni mukadina kamodzi imajambula zithunzi zingapo mwachangu, n'kuziphatikiza, n'kukometsa mitundu isanakuonetseni. Kamera imajambula chimodzi chokha, zotsalazo n'zanu.

Mbuu mukunenayo gwero lake ndi shutter speed, kutanthauza liwiro lomwe kamera imatsegulira ndi kutsekera kuwala pojambula. Kuwala kukachepa, kamera ikakhala pa Auto imatsitsa liwiro mpaka 1/30 ya sekondi kapena kutsikirapo, ndipo m'kanthawi kameneko mwana amakhala atatembenuza kale mutu. Zungulizani kagudumu ka pamwamba kafike pa S, pa Canon amalemba Tv, kuti liwirolo muzisankha nokha. Ikani 1/250 ngati ana akusewera pansi, 1/500 ngati akuthamanga. ISO, nambala yomwe ikakwera chithunzi chimawala kwambiri, ikhale pa Auto, malire ake 6400. Timadontho tobwera ndi ISO yokwera musatiope, timachepetsedwa pakompyuta, pomwe chithunzi chogwedera sichikonzeka.

Chinanso chomwe ambiri sachidziwa: nambala ya f ikakula, kabowo kolowetsa kuwala kamachepa, ndipo lenzi yanuyo imatseguka f/3.5 pa 18mm pokha. Mukakoka mpaka 55mm imathera pa f/5.6, ndipo kuwala kolowa sikufika ngakhale theka. M'nyumba musakoke lenzi, sendezani miyendo. Ndipo zochepetsa kugwedera, zolembedwa IS, VR kapena OSS, zisakunamizeni, zimathandiza dzanja lanu likamanjenjemera, sizingaimitse mwana.

Yankho lachiwiri:
Anzangawa afotokoza bwino, koma muonenso fokasi. Ikakhala pa AF-S imagwira malo amodzi n'kuima, mwana akasuntha basi yaphonya. Sinthani muike AF-C, yotsata munthu akamasuntha, yomwe Canon amaitcha Servo, ndipo muyatse yotsata diso ngati ilipo. Zenera likhale kumbuyo kwanu kapena chakumbali, kuti kuwala kugwere pankhope.

Mukadzafuna kugula china, musayambe ndi kamera ina. Gulani lenzi ya 35mm f/1.8, imalowetsa kuwala pafupifupi kakhumi kuposa f/5.6. Ambiri amathamangira 50mm, koma pa APS-C imakokera zinthu pafupi ngati 75mm ya pa sensa yaikulu, pa Canon 80mm, moti m'chipinda mumagunda khoma munthu asanakwane m'chithunzi. Dziwani kuti pa f/1.8 malo ooneka bwino amachepa kwambiri: diso lili ngwee, khutu lazimirira kale. Anthu akakhala atatu kapena anayi, bwererani pa f/4 kapena f/5.6.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri, ndaika 1/250 ndipo kusintha kukuoneka. Nanga za mitundu zija?

Yankho lachitatu:
Onani kaye ngati mukujambula RAW, mtundu wa fayilo yomwe kamera sinaikometse. Fayilo ya RAW imaoneka yofwifwa chifukwa imadikira kuti muikonze nokha. Poyamba ikani RAW+JPEG, kuti muzipezanso chithunzi chokonzedwa kale ndi kamera, kenako lowani posankhira kaonekedwe ka mitundu, mu Picture Style kapena Picture Control, musankhe Vivid kapena Landscape. Pojambula nkhope bwererani pa Standard kapena Portrait, apo ayi khungu limafiira. Zithunzi zikamatuluka zachikasu chifukwa cha mababu, sinthani white balance, yomwe imauza kamera mtundu wa kuwala komwe kulipo, igwirizane ndi mababuwo.

Mundilole ndionjezepo za kasamalidwe, poti foni sinakuzolowezeni zimenezi. Memori khadi muziifomatira m'kamera momwemo mukamaliza kukopera zithunzi, osati pakompyuta. Batire lachiwiri ndi lofunika, mirrorless imadya moto. Posintha lenzi zimitsani kamera ndipo kamwa lake liyang'ane pansi. Mukakayikira fumbi pasensa, jambulani khoma loyera pa f/16, timadontho takuda tidzaonekera. Lichotseni ndi kampira kopemerera mpweya, osati pakamwa kapena ndi nsalu. Posunga, ikani kamera m'bokosi lotseka bwino muli timapaketi ta silica gel, chifukwa chinyezi chimameretsa nkhungu m'kati mwa lenzi, ndipo ikakhalitsa imawononga galasi.