Thandizeni abale: fayilo ilipo koma Python akuti kulibe, pa seva akulalata zina

Membala wosatchula dzina:
Abale, mutu wanga wazungulira. Ndinalemba kascript ka Python koona ngati mafayilo a malisiti alipo mu folda tisanawatumize kwa ma auditor. Ndikugwiritsa ntchito os.path.isfile basi. Pa laputopu yanga ya Windows kakuti fayilo iliyonse kulibe, chonsecho ndikuiona ndi maso angawa. Pa seva ya ku ofesi kakungofa n'kulemba "ValueError: embedded null byte". Mnzanga wayesa pa Mac yake ndi mayina omwe walemba yekha, kayenda bwinobwino. Abwana andipatsa mpaka Lachisanu. Amene anakonza seva ija anasiya ntchito osasiya ngakhale password ya root (akaunti yokhala ndi mphamvu zonse pa seva). Magetsi kuno athima kuyambira m'mawa, bundle yatsala pang'ono, mwana ali ndi malungo, komanso ine anandilemba ntchito ya maakaunti, za IT angondisenzetsa. Chonde ndithandizeni.

BamboLinux:
Vuto ndi Windows, palibenso china. Ndakhala ndikunena pa gulu lino. Windows amaona Lisiti.pdf ndi lisiti.pdf ngati fayilo imodzi, pomwe Linux pa ext4 amaziona ngati ziwiri. Mukazolowera ulesi wa Windows, mukafika pa seva mumalira. Fufutani, ikani Ubuntu.

Mai a Mapasa:
Pepani ndi mwanayo, mwapita naye kuchipatala? Ine zinandionekerapo chaka chatha. Mayina ndinkawerenga ndi readlines, ndiye lililonse linali ndi \n (chizindikiro cha mzere watsopano) kumapeto kwake. Ndinagona mochedwa sabata yonse, abambo kunyumba mpaka kukwiya. Ikani .strip() muone.

BamboLinux:
Mayi, strip sachotsa null byte, byte ya ziro ija. Tisamasokoneze anthu.

Mai a Mapasa:
Inunso kukula kwa zilembo sikubweretsa ValueError, achimwene. Werengani funso musanayambe ulaliki wanu.

Chitedze:
Anthu inu mumatopetsa. Za malungo mwalemba, za abwana mwalemba, koma version ya Python ayi, code ayi. Tilosere? Lembani python --version pa makina onse awiri mutionetse.

Membala wosatchula dzina:
Musandikalipire akulu, ndine wophunzira kumene. Ndi Python 3 konsekonse. Seva ndilowa mawa, makiyi a chipinda ali ndi munthu yemwe wapita ku maliro ku Ntcheu.

Gologolo88:
"Python 3" sikukwanira, chifukwa nkhani yagona pamenepo. Kuyambira 3.8, yomwe inatuluka mu 2019, exists, isfile ndi isdir zimangobweza False ngati dzina lili ndi zilembo zomwe makina sangalandire, monga null byte. Pa 3.7 kutsika pansi zinkaponya ValueError. Ubuntu 18.04 amabwera ndi 3.6, pomwe 20.04 amabwera ndi 3.8. Ndiye n'kutheka kuti matenda ndi amodzi pa makina onse awiri, kungoti laputopu yanu ikubisa, seva ikufuula. Mayinawo mukuwatenga kuti?

BamboLinux:
Mwaona? Linux amanena chilungamo, Windows amabisa. Ine ndinayamba ndi Perl, -e ndi -f, tikafuna chifukwa tinkayang'ana $! basi. Ana a masiku ano mumangokopera code osadziwa kuti stat n'chiyani.

Gologolo88:
Akulu, akubisa ndi version ya Python, osati Windows. Ikani 3.10 pa Ubuntu wanuyo, abweza False chimodzimodzi.

Kalulu_Dev:
Docker abale, muyendetse script ndi Python watsopano mu container. 2018 inapita kalekale, seva ikadali pa 18.04? Ine kasitomala wina anandimana ndalama zanga miyezi itatu chifukwa cha seva yakale ngati imeneyo, mpaka pano ndikakumana naye amatembenukira kumbali.

Chitedze:
Munthu alibe root, Docker aika bwanji?

BamboLinux:
Kulibe root ndiye mwina ndi permissions. exists amabwezanso False ngati mulibe chilolezo cholowa mu folda, ngakhale fayilo ilipo. Symlink yoduka chimodzimodzi. Koma ndikubwereza, yambani mwachotsa Windows.

Membala wosatchula dzina:
Laputopu ndi ya ofesi, sindingafufute. Mayina ali mu list.txt yomwe anasiya mnyamata wa internship. Abwana aimbanso kawiri, akuti ine ndikuchedwetsa dala.

Gologolo88:
Eya, apa mwanena. Ngati mnyamatayo anaipanga mu PowerShell 5.1 ndi chizindikiro cha >, fayiloyo imasungidwa mu UTF-16, ndiye chilembo chilichonse cha Chingerezi chimatsatana ndi byte ya ziro. Windows akaiwerenga ngati cp1252 (encoding yake yanthawi zonse) ma ziro aja amalowa m'dzina. Pa seva akhoza kulowa ngati munaika errors="ignore". Lembani print(repr(dzina)). Mukaona \x00 pakati pa zilembo, tsegulani ndi encoding="utf-16", kenako strip ya Mai a Mapasa ija. Ndipo m'malo mwa isfile yesani os.stat mkati mwa try, kuti muone chifukwa chenicheni.

Mai a Mapasa:
Ndimanena ine kuti strip ikufunika.

BamboLinux:
PowerShell ndi ya ndani? Si Windows yomweyo? Ndiye ndinalakwa pati?

Chitedze:
Mzere wa open() uja mpaka pano sitinauone. Ikani pano, osati chithunzi chojambula ndi foni.