Tikupanga ndege ku Area 25, kodi injini ya galimoto ya Beetle ingatinyamule?

Chiphaliwali25:
Abale muli bwanji. Tilipo anthu 6, mmodzi amawotcherera ku Mchesi, awiri ndi amakaniko, enafe ndi chidwi chabe. Loweruka lililonse timakumana kuseri kwa nyumba yanga kupanga kandege ka anthu awiri, fulemu tayamba kale ndi ma square tube opangira mageti aja ndipo tapeza injini ya Beetle ya 1600cc. Maneba amatiseka koma ife mtima uli pomwepo. Nde funso ndi lakuti, injiniyi ingadzutse anthu awiri?

Kabawi:
Achimwene, ma tube a geti ayi chonde, ngolemera kwambiri. Anzathu opanga ndege amagwiritsa ntchito chitsulo cholimba cha mtundu wa 4130 kapena aluminiyamu wa mtundu wa 6061-T6, apo ayi matabwa. Taonani ndege ija ya Pietenpol Air Camper ya mu 1929, thupi lake ndi matabwa ndi plywood ndipo inkauluka ndi injini ya Ford Model A, mapulani ake akupezekabe mpaka pano. Pezani mapulani oti ena anaulukapo kale, za m'mutu zisiyeni kaye.

MakanikoWaKuKanengo:
Beetle ya 1600 mphamvu yake ndi cha m'ma 50 horsepower, kandege ka munthu mmodzi imakwanitsa bwinobwino. Koma awiri mmm ndikukayika. Musaiwale kuti Lilongwe ali pamtunda, kuposa mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, mpweya kuno ngopepuka nde injini siyikoka ngati mmene ikanakokera ku Beira, mapiko nawonso sagwira mokwanira, mukaphatikiza kutentha kwa mu Okutobala kuja muzangothamanga bwalo lonse osanyamuka. Ambiri amaika injini ya ndege ya Rotax 912 ya 80 horsepower, vuto ndi ma dollar basi.

NaPhiri_LL:
Ine nkhawa yanga ndi moyo wanu bambo. Adzaiulutse ndani, ali ndi laisensi? Pitani kwa a Civil Aviation panopa musanapite patali, ndege ya kuno imayenera kulembetsedwa, nambala zake zimayamba ndi 7Q. Komanso 25 ndi Lumbadzi sipatali, kumeneko kumatera ndege zikuluzikulu.

Chiphaliwali25:
Zikomo nonse. Laisensi palibe amene ali nayo mayi, ku ofesiko ndipita Lolemba. Za fulemu zandiwawa chifukwa tathera miyezi itatu pamenepo, koma ndibwereka sikelo ya chimanga tiyeze kaye Loweruka. A Kabawi, matabwa a paini a ku Chikangawa angalowe m'malo mwa spruce, matabwa opangira ndege aja?