Za mafuta a tarragon aja ndinafunsa

Masabata awiri apitawo ndinafunsa ngati amayi anga angamadonthezere mafuta a tarragon, chitsamba chokometsera zakudya, mu tiyi kuti m'mimba musiye kutupa ndi kupotokola. Kabotoloko ndinagula ku Johannesburg, wogulitsa atanditsimikizira kuti ndi zitsamba basi. Zikomo nonse amene munati ndiyambe ndadekha.

Amayi sanamwe, ndipo sadzamwa. Tsamba la tarragon pa lokha lilibe vuto. Ku France amakometsera nalo nkhuku, nsomba ndi mazira. Koma mafuta ake ndi nkhani ina, chifukwa mphamvu ya masamba ambirimbiri imakhala mu dontho limodzi. Gawo loposa theka la mafutawa ndi mankhwala achilengedwe otchedwa estragole, amene amapereka kafungo kokoma ka tarragon. Estragole yemweyo anayambitsa khansa ya chiwindi mu mbewa zimene ofufuza anazipatsa wambiri. Nditawerenga zimenezi mtima unagunda, poti ndinangotsala pang'ono kuwapatsa.

China n'chakuti mafutawa angachititse magazi kuchedwa kuundana, pamene amayi amamwa kale warfarin, mankhwala ochedwetsa magazi kuundana. Adokotala awo anakaniratu, ngakhale zopaka pamimba. Amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana nawonso asawayandikire.

Kwa wamkulu wopanda vuto lililonse amene akufunabe kupaka, dontho limodzi lokha m'mamililita 50 a mafuta a kokonati, ndipo ayambe wayesa pamkono kuona ngati khungu silikuyabwa.

Amayi tsopano akumwa tiyi wa mandimu wofunda akatha kudya, ndipo Lachinayi tikupita kuchipatala kuti akawapime m'mimbamo bwinobwino.