Thandizo pa galimoto yosamukira kuchoka ku Nkhotakota kupita ku Salima

Moni nonse akuluakulu. Kuntchito andisamutsira ku Salima, ndipo nyumba yomwe ndikukhalamo kuno ku Nkhotakota boma ndiyenera kutulukamo kumapeto kwa mwezi uno, koma mpaka lero sindinapeze galimoto yonyamulira katundu.

Ndayankhula ndi eni malole atatu. Awiri akufuna kuti ndilipire dizilo wopita ndi wobwerera, pomwe wachitatu ndinamukana nditaona kuti lole yake ilibe lona ndipo COF yake (chiphaso choti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu) inatha. Ndinaganizanso zobwereka galimoto n'kuyendetsa ndekha, koma laisensi yanga ndi ya B, yomwe siyilola galimoto yoposa makilogalamu 3,500.

Katundu wake ndi mabedi awiri, mipando ya pabalaza, firiji, matumba 8 a chimanga ndi kabati ya magalasi yomwe anandisiyira malemu mayi anga. Kabatiyi ndiyo ikundisowetsa tulo, chifukwa mwendo umodzi unayamba kale kugwedera ndipo msewu wa M5 tonse tikuudziwa mmene umagwedezera katundu. Onyamula ndili nawo, achimwene anga ndi anyamata awiri a kutchalitchi, ndipo tikatsitsira pafupi ndi Kamuzu Road.

Kodi alipo amene akudziwa lole ya matani atatu yobwerera yopanda katundu kuchokera ku Dwangwa, yomwe ingatitengere pamtengo wochepa? Nanga pa rodibuloko apolisi amafuna kalata iliyonse ya katundu wa m'nyumba ndi chimanga? Ndipo firiji ikayenda chogona, ndidikire nthawi yaitali bwanji ndisanaiyatse?